Njerwa za ku Mishoni ndi ku Mandala

Mdzukulu wanga, wandiuza kuti Loweruka munapita ndi anzako kukajambulitsa ku tchalitchi cha St Michael and All Angels mu Blantyre, ndipo mayi wina anakudzudzulani ataona mnzako atakhala pa chiliza kumanda a mishoni. Ukufunsa ngati mayiwo sanawonjeze. Ayi, anakuchitirani zabwino. Kumudzi kwathu sungakhale pamtumbira. Manda a m'tauni asiyana pati?

Tamvera za malo amene munapondawo. Mishoniyo inayamba mu 1876, pamene Henry Henderson, motsogozedwa ndi Tom Bokwito, anapeza malo m'dziko la mfumu Kapeni. Anawatcha Blantyre potengera kwawo kwa David Livingstone ku Scotland. Tchalitchicho anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891. Anthu amatchula mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyo osaphunzira zomangamanga, ndipo m'pake kumutchula. Koma amene anaponda dothi, kuumba njerwa, kuziwotcha ndi kuzisenza anali makolo athu, ndipo ambiri mayina awo sitiwamva. Ukadzapitanso, kaziyang'anitsitse njerwazo: zina zopindika, zina zozungulira, chifukwa zikombole zake zinali zamitundumitundu. Ine ndikagwira khoma limenelo ndimakhala ngati ndagwirana chanza ndi agogo anga. N'chifukwa chake zimandiwawa kuona mwana akukandapo dzina lake ndi msomali.

Ku Mandala nakonso kuli nkhani. Dzinalo linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, amene ankayendetsa kampani ya African Lakes pamodzi ndi m'bale wake Frederick. Nyumba yosanja ija, yotchedwa Mandala House, ndi ya mu 1882. Katundu wa kampaniyo ankayenda pamitu ya amtengatenga. Pamwamba pa nyumbayo lero pali mabuku ndi zithunzi zakale za bungwe la Society of Malawi. Kodi munakwerako, kapena munangothera pakhonde?

Kujambula sindikuletsa. Koma ukafika, yamba wapereka moni kwa alonda, upemphe chilolezo. Ukapeza mapemphero kapena mwambo wa maliro uli m'kati, foni ilowe m'thumba, udikire. Anyamata avule zipewa polowa m'tchalitchi. Munthu sajambulidwa asanafunsidwe.

Mayi aja ukadzakumana nawo, kawapepese, uwathokoze. Ndipo Loweruka likudzali ubwere udzanditenge, tikayende limodzi kuchokera ku HHI (Henry Henderson Institute), kumishoni kuja. Miyendo yanga ikadalimba, kungoti tiziyenda pang'onopang'ono.