Kodi kulemba zisudzo kungakhale ntchito? Yankho kwa mayi wa ku Dedza ndi mwana wawo

Mayi wina wa ku Dedza watilembera kalata yokhala ndi mafunso awiri. Mwana wawo wamkazi, yemwe walemba mayeso a MSCE chaka chino, wakhala akulembera gulu la zisudzo la pasukulu pake masewero kuyambira ali Fomu 2, ndipo tsopano wanena poyera kuti akufuna kukaphunzira zisudzo ku yunivesite, osati unamwino monga momwe banja linkayembekezera. Funso loyamba la mayiwa ndi lakuti kodi ntchito imeneyi ingamudyetse munthu. Lachiwiri ndi lolemera koposa: sewero lomwe mtsikanayu walemba posachedwapa likukamba za achibale omwe analanda katundu bambo wa pakhomo atamwalira, ndipo wachibale aliyense akaliwerenga angazindikire kuti nkhaniyo ndi ya pabanja pawo pomwe. Mayiwa afunsa kuti, "Kodi uku si kuvula banja pagulu?"

Mayi, mafunso anu onse awiri ndi omveka, ndipo sindikufuna kukuyankhani ndi mawu ongokutonthozani. Ndikufotokozerani za wolemba zisudzo wina wa ku America, Lynn Nottage, chifukwa njira yomwe iye wadutsa ikukhudza mafunso anu onse awiri, ngakhale kuti dziko lake ndi losiyana kwambiri ndi lathu. Iye ndi mayi wachikuda yemwe anabadwa mu 1964 ku Brooklyn mumzinda wa New York, ndipo ndiye mkazi woyamba kulandira kawiri mphotho ya Pulitzer ya zisudzo, mu 2009 ndi mu 2017. Masewero ake odziwika kwambiri amaonetsa moyo monga momwe uliri: anthu wamba ali m'nyumba mwawo kapena pamalo omwera mowa, akukangana za ndalama, za ukwati, za tsankho la khungu, ndi za mabala a mumtima omwe sakufuna kupola.

Tiyambe ndi nkhani ya chakudya. Nottage anaphunzira ku Brown University, komwe anamaliza mu 1986, kenaka anachita digiri yachiwiri ya kalembedwe ka zisudzo ku Yale School of Drama n'kumaliza mu 1989. Sukulu ziwirizi zili m'gulu la sukulu zapamwamba kwambiri m'dziko la America, komabe atatuluka kumeneko sanayambe kudya za masewero. Kwa zaka zinayi anagwira ntchito yofalitsa nkhani ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Amnesty International, ndipo anabwerera ku zisudzo ndi kasewero kafupi kotchedwa Poof!, konena za mayi wozunzidwa ndi mwamuna wake, komwe kanaonetsedwa mu 1993. Kuchokera pomwe anamaliza ku Yale kufika pa Pulitzer yoyamba panadutsa zaka 20, ndipo ndalama za mphothoyo pa nthawi imeneyo zinali madola 10,000, zomwe sizingasunge banja kwa chaka mumzinda wa New York. Sewero lake linafika koyamba pa Broadway, pomwe pali mabwalo akuluakulu a zisudzo ku America, mu 2017, iye ali ndi zaka 52. Mpaka lero amaphunzitsa ku Columbia University, walemberapo za pa kanema, ndiponso ndiye analemba nkhani ya sewero lanyimbo lonena za moyo wa Michael Jackson lomwe linatsegulidwa mu 2022.

Ngati munthu waluso chotere, m'dziko lomwe anthu amagula matikiti a zisudzo pa mtengo wokwera, anafunika ntchito ina yomugwira dzanja kwa zaka zonsezi, ndiye kuti nkhawa yanu, mayi, ili ndi maziko. Kuno kwathu masewero okha sangalipire lendi mwezi ndi mwezi. Du Chisiza Jnr, yemwe anayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, anaonetsa kuti Amalawi amatha kulipira pakhomo kuti aonere sewero labwino, koma anthu omwe akwanitsa kukhalira zimenezo zokha ndi owerengeka. Ambiri mwa omwe anaphunzira zisudzo amadya za uphunzitsi, za ntchito ya pa wailesi ndi pa kanema, kapena za mabungwe omwe amagwiritsa ntchito masewero pophunzitsa anthu zaumoyo ndi zachitukuko m'midzi. Izi si zochititsa manyazi, ndipo zaka zinayi za Nottage ku Amnesty International sizinapite pachabe, chifukwa kumeneko n'komwe anazolowera kumva nkhani za anthu ozunzidwa, zomwe pambuyo pake zinakhala mtima wa ntchito yake.

Choncho pa za maphunziro langizo langa ndi ili. Dikirani zotsatira za mayeso musanatseke khomo lililonse. Kuti munthu asankhidwe kupita ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti osachepera 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa fomu ya NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, wophunzira amasankha maphunziro angapo, osati amodzi okha. University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa zisudzo, ndipo mwana wanu angachite bwino kuziphatikiza ndi phunziro lina lomwe lili ndi msika, monga chiyankhulo, uphunzitsi kapena zofalitsa nkhani. Ngati wakhoza bwino sayansi ndipo unamwino sakuuda, asaukane msanga, pakuti namwino amamva tsiku lililonse nkhani zomwe wolemba wina angazifunefune kwa zaka. Koma ngati mtima wake suli kumeneko, musamukakamize, chifukwa wodwala amavutika m'manja mwa namwino yemwe analowa ntchitoyo mokokedwa.

Tsopano tifike pa funso lachiwiri, lomwe ndikuona kuti ndilo likukusowetsani tulo. Nottage nayenso analemba za banja lake. Sewero lake la Intimate Apparel, lomwe linaonetsedwa koyamba mu 2003, linachokera pa chithunzi cha agogo a mayi ake chomwe anachipeza akukonza m'nyumba ya agogo ake, pa nthawi yomwe panalibenso wamkulu woti amufotokozere bwino mbiri ya munthuyo. Chomwe ankadziwa n'chakuti gogoyo anali telala wosoka zovala zamkati za amayi ku New York, ndipo anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Barbados yemwe anagwirapo ntchito yokumba ngalande ya Panama. Zotsalazo anakazifufuza mulaibulale, m'nyuzipepala ndi m'zithunzi zakale, ndipo anaumba munthu watsopano dzina lake Esther, wa m'chaka cha 1905, yemwe amasokera mayi wachizungu wolemera komanso mnzake wachikuda woyendayenda. Esther satha kulemba, choncho makalata ake achikondi amamulembera ndi amayi awiriwa. Ndalama zomwe wasunga kwa zaka 18 wazisokera m'kati mwa chofunda chake, ndipo munthu yekhayo yemwe amamumvetsa ndi Myuda wogulitsa nsalu, yemwe chipembedzo chake sichimulola kukhudza mkazi yemwe si wake. Awiriwa amagwira nsalu imodzi, wina mbali iyi wina mbali iyo, akuyamikira ulusi wake, ndipo woonera amamva chikondi ndi tsankho la dziko lonselo popanda wina kutchula mawu amenewo.

Onani zomwe wolembayu anachita ndi nkhani ya kwawo. Anatenga mbewu yokha, n'kusintha dzina, n'kuwonjezera anthu omwe sanakhaleko, ndipo sanalembe kuti abwezere munthu aliyense. Sewero la mwana wanu, monga momwe mwalifotokozera, likadali pafupi kwambiri ndi bala. Ngati azakhali ake angathe kuloza chala n'kunena kuti "uyu ndine," ndiye kuti ntchito yolemba sinathe, ndipo zomwe zili papepalapo zikadali dandaulo lomwe silinasanduke sewero. Sindikunena kuti dandaulolo ndi labodza. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la chuma cha anthu omwalira la 2011, ndipo ngati katundu wanu analandidwadi, pitani kwa bwanamkubwa kapena ku Legal Aid Bureau, chifukwa bwalo la zisudzo silingakubwezereni nyumba kapena munda.

Kwa iwe mwanangu wolemba, ndikufuna ulingalire za masewero awiri omwe anapatsa Nottage mphotho zija, chifukwa onse awiri anayamba ndi kumvetsera. Mu 2004 iye anapita ku Uganda pamodzi ndi wotsogolera masewero Kate Whoriskey kukacheza ndi amayi omwe anathawa nkhondo kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, ambiri mwa iwo atagwiriridwa ndi asilikali. Anapita ndi pulani yokonzanso sewero lakale la Bertolt Brecht, wolemba zisudzo wa ku Germany, koma atamva zomwe amayiwo ankanena anaisiya pulaniyo n'kulemba Ruined, sewero lochitikira m'bala ya Mama Nadi, m'katauni ka migodi, momwe asilikali a mbali zonse amasiya zipolopolo pakhomo asanamwe. Mama Nadi amateteza atsikana omwe mabanja awo anawakana, komanso amadyera pa matupi awo, ndipo sewerolo silikupatsa mpata womuda kapena womukonda mosavuta. Nkhani yake si yakutali ndi ife, pakuti ambiri mwa anthu okhala kumsasa wa Dzaleka ku Dowa anachokera m'dziko lomwelo. Koma usathamangire kumeneko ndi kope m'manja. Munthu yemwe wapyola m'zoopsa si mgodi wokumbamo nkhani, ndipo usanamufunse kanthu ayenera kudziwa chomwe ukalembe, avomere mwaufulu, ndiponso akhale ndi mphamvu yokuuza kuti usiye.

Sewero lachiwiri, Sweat, ndilo ndikufuna uliganizire kwambiri pokonzanso lako. Kuyambira mu 2011 Nottage anakhala akupita ku Reading m'chigawo cha Pennsylvania kwa zaka zoposa ziwiri, atamva kuti mzindawo unali pakati pa mizinda yosaukitsitsa m'dziko la America mafakitale atatsekedwa. Anacheza ndi anthu ochotsedwa ntchito, apolisi, amalonda ndi akuluakulu a mzinda. M'sewerolo muli amayi awiri, Cynthia wachikuda ndi Tracey wachizungu, omwe agwira ntchito limodzi m'fakitale ya zitsulo kwa zaka zoposa 20 ndipo ana awo aamuna ndi mabwenzi a ponda apa nane mpondepo. Cynthia atakwezedwa pantchito, ndipo eni fakitale atatsekera antchito kunja pofuna kudula malipiro, Tracey ayamba kunena kuti mnzakeyo anakwezedwa chifukwa cha khungu lake. Mkwiyo wa onse ukugwera Oscar, mnyamata wa makolo a ku Colombia yemwe amapukuta matebulo m'bala ndipo wavomera kukagwira ntchito m'fakitalemo pa malipiro otsika. Mapeto ake ana awiri aja akupita kundende, ndipo Stan, wogulitsa mowa yemwe ankaleretsa ndewu, akuvulala mutu moti sadzakhalanso monga kale.

Tracey amalankhula mawu atsankho opweteka, koma wolembayo wamupatsa mbiri yake: agogo ake anali mmisiri m'tauni yomweyo, iye analowa m'fakitale akadali mtsikana, ndipo sadziwa moyo wina uliwonse. Woonera amadana ndi mawu ake, koma amaona mantha omwe abala mawuwo. Apa ndi pomwe olemba achinyamata ambiri omwe ndawerengapo masewero awo amapunthwa. Amalemba mayi wamasiye woyera mtima ngati mngelo ndi mlamu wake woipa ngati mfiti, ndipo oonera amawomba m'manja n'kubwerera kwawo osadzifunsa kanthu, chifukwa palibe yemwe amadziona mwa mfiti. Mlamu weniweni amakhala ndi zifukwa zake, kaya akuti ndiye analipirira malemuyo fizi, kaya ali ndi ana asanu ndi ngongole ya feteleza, kaya anakulira m'mwambo womwe unamuuza kuti chuma cha mbale wake n'cha kwawo. Zifukwazi sizimuchotsera mlandu, koma zikamveka pabwalo, bambo wina wokhala kumbuyo amayamba kutuluka thukuta chifukwa wazindikira mawu ake omwe.

Mayi, musamuletse kulemba za imfa ya bambo ake, chifukwa mwana yemwe watsekedwa pakamwa pa chisoni chotere amachisenza yekha kwa zaka zambiri. Chomwe muli ndi ufulu wopempha n'chakuti sewerolo lisaonetsedwe pagulu momwe lilili panopa. Asinthe mayina, mudzi, ntchito ya malemu ndi chiwerengero cha ana, ndipo acheze ndi amayi ena amasiye awiri kapena atatu omwe angavomere, kuti nkhaniyo ikule kupyola khomo lanu. Mukaona kuti polemba akulira kosalekeza, sakugona kapena sakudya, mupite naye kwa mlangizi wa zamaganizo kuchipatala kapena kwa munthu wamkulu yemwe amamukhulupirira, ndipo sewerolo liyambe ladikira. Likadzatha, akalilembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, asanalipereke kwa gulu lililonse kapena ku wailesi.

M'miyezi ino yodikira zotsatira, iwe mwanangu, ndikukupatsa ntchito imodzi. Lemba chigawo chimodzi chomwe mlamu uja ali yekha usiku, atakhala pa mpando womwe anautenga kunyumba ya malemu, akufotokozera mkazi wake chifukwa chomwe anachitira zimenezo, ndipo umulole alankhule mpaka iwe mwini utatsala pang'ono kumukhulupirira. Ukamaliza, munthu woyamba kumuwerengera akhale mayi ako, muli awiri m'nyumba, ndipo akakuuza kuti mzere wina uchotse, umve kaye chifukwa chawo usanayankhe.