Thanki la madzi amchere ku Mangochi: nsomba zidikire kaye

Achimwene ena a pa boma pompano andilembera imelo. Akulu awo awatumizira kuchokera ku Johannesburg thanki lagalasi la malita 60, pampu, sefa ndi thumba la mchere wa nsomba za m'nyanja yamchere. Akufunsa ngati angathire madzi lero kuti tinsomba tiwiri ta m'nyanja yamchere totchedwa clownfish tidzalowemo tikafika sabata yamawa.

Ayi achimwene, musatero. Imbirani akulu anuwo usiku womwe uno kuti nsomba asagule kaye. Ndalamazo agulire test kit (mankhwala oyezera madzi) ya amoniya, nitrite ndi nitrate, kachipangizo koyezera mchere kotchedwa refractometer, ndi kapampu ka mpweya koyendera mabatire.

Funso lanuli landikhudza chifukwa ndinaonapo munthu akuchotsedwa ntchito pa nkhani yomweyi. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa loji ina kufupi ndi Cape Maclear. Abwana anagula thanki lalikulu n'kuliika podyera alendo. Madzi anathiridwa m'mawa, madzulo ake nsomba zinali zitadzaza kale. Tonse tinkaima n'kumaonerera, madzi ali mbee. Sabata isanathe nsombazo zinayamba kukwera pamwamba, zikupuma mwawefuwefu, chakudya osachiyang'ananso. Kenako m'mawa uliwonse tinkapeza zina zitayandama. Mlandu unagwera mnyamata wosesa. Ankati anapopera mankhwala a udzudzu pafupi ndi thanki. Iye anakana, analumbira, analira, koma anamupatsa kandalama ka masiku ake n'kumuuza kuti azipita. Anali ndi mkazi ndi mwana wakhanda kumudzi kwa Chembe.

Patapita masiku kunabwera mlendo wina wofufuza za nsomba za m'nyanja yathu. Anatunga timadzi ta m'thankimo, n'kudonthezera mankhwala m'kabotolo, ndipo timadzito tinasanduka tobiriwira kwambiri. Anati amoniya ameneyu. Nsomba zinafa ndi zonyansa zake zomwe. Mnyamata uja sanamuitanenso, ndipo mpaka lero ndikaona thanki latsopano lodzaza nsomba mtima umandiwawa.

Nsomba iliyonse imatulutsa amoniya kudzera mopumira mwake ndi m'ndowe, ndipo chakudya chotsala chikavunda chimawonjezera. M'nyanja amasungunuka m'madzi ochuluka n'kutha. M'malita 60 alibe kopita, zili ngati kutsekera banja m'nyumba yopanda chimbudzi. Amene amagwira ntchito yochotsa ndi mabakiteriya. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala nitrite, lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe nsomba zimamupirira akakhala wochepa ndipo mumamuchotsa posintha madzi. Mabakiteriya amenewa sakhala m'madzi kwenikweni, amamatirira pa miyala, mumchenga ndi pa siponji ya sefa. Amaswana mochedwa, kugawikana kamodzi kokha kumatha maola ambiri, nthawi zina tsiku lonse. N'chifukwa chake thanki latsopano limafuna masabata 4 mpaka 8 kuti likhwime, chimene ogulitsa amati cycling. Komanso madzi amchere amakhala ndi pH (muyeso wa asidi m'madzi, ikakwera ndiye kuti asidi wachepa) ya pafupifupi 8.2, ndipo pH ikakwera, madzi n'kutentha, amoniya amapha msanga. Kuyera kwa madzi sikukuuzani kalikonse, amoniya alibe mtundu.

Koma ndifunseko achimwene, za madzi amchere zabwera bwanji kuno ku Mangochi? Boma lathu lino ndi kumene kuli Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba zake. Nyanjayi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse. Malemu Stuart Grant anayamba kutumiza kunja nsomba zamoyo kuchokera ku Salima m'zaka za m'ma 1970. Lero anthu ku Germany ndi ku America amawononga ndalama kuthira mankhwala m'madzi awo kuti afanane ndi madzi omwe ife timachapira zovala, pofuna kuweta mbuna zabuluu ndi zachikasu zomwe ana athu amasambira nazo pa miyala ya Otter Point. Ife n'kumaitanitsa nsomba za ku Pacific pa basi ya masiku awiri.

Ndinene mosapsatira mawu: munthu woyamba kumene, wokhala ku Mangochi, kuyamba ndi madzi amchere ndi kudzisenzetsa katundu wolemetsa. Mchere ukatha mudikira wobwera kuchokera ku Joni. Wa ndiwo sungalowe m'malo mwake chifukwa mulibe calcium, magnesium ndi zina zomwe zili m'madzi a m'nyanja yamchere. Okutobala akafika, kutentha kwa kuno kumapitirira madigiri 35, pamene nsomba zanu zimafuna 25 mpaka 27. Magetsi akazima pampu imaima, mpweya umachepa, ndipo mabakiteriya mwawadikirira mwezi wonse aja amayamba kufooka. Thanki laling'ono silikhululuka, chilichonse chimasintha msanga. Ine ndikanakhala inu ndikanasunga ndalama n'kupeza la malita 200 la mbuna, popeza mbuna n'zandewu ndipo m'malita 60 zingaphane. Nalonso limafuna kukhwimitsa chimodzimodzi. Musakagwire nsomba m'paki, n'koletsedwa. Ndipo nsomba ya m'thanki, kaya yatopetsa bwanji, isadzatayidwe m'nyanja kapena mu Shire.

Ngati mtima wakakamirabe za mchere

Pezani madzi osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis, ochotsa zosungunuka m'madzi) kapena a distilled (ochokera ku nthunzi). A pampopi amakhala ndi klorini wopha mabakiteriya, ndipo a pamjigo simudziwa zomwe zasungunukamo. Sakanizani mcherewo m'ndowa, pafupifupi magalamu 35 pa lita, mpaka refractometer ionetse 1.025. Ikani mchenga wa laimu wotchedwa aragonite ndi miyala yazibowozibowo yopangira matanki amchere, yatsani pampu ndi sefa usana ndi usiku, nyali ikhale yozima. Ponyanimo kachidutswa ka usipa waufuleshi kali m'kaneti, kavunde kuti mabakiteriya apeze amoniya wodya. Botolo la mabakiteriya ogula, kapena mwala wochokera m'thanki lamchere lokhwima kale, zimafupikitsa nthawi. Mwala wa kunyanja kwathu suthandiza, mabakiteriya ake ndi a madzi opanda mchere.

Yezani masiku awiri kapena atatu aliwonse n'kumalemba m'kope. Amoniya akwera n'kutsika, nitrite atsatira, nitrate n'kuyamba kuoneka. Chotsani usipa uja amoniya akafika 2 ppm pa test kit yanu. Ndere zofiirira zikamera pa galasi musadandaule, zimatha zokha. Amoniya ndi nitrite zikafika pa 0, ponyanimo tichakudya ta nsomba kwa masiku angapo. Zikakhalabe pa 0, sinthani theka la madzi.

Lembani mzere pa galasi pomwe madzi alekezera. Akaphwa, onjezerani opanda mchere, chifukwa mchere suuluka ndi nthunzi. Siponji muzitsuka m'madzi omwe mwachotsa m'thanki, osati pampopi. Kukatentha, fani iziomba pamwamba pa madzi, ndipo botolo lotseka la madzi oundana loyandama m'thanki limathandiza masana.

Nsomba zamoyo sizilowa m'dziko popanda chilolezo, choncho pitani ku ofesi ya Fisheries akulu anu asanalipire. Clownfish ziwiri zobadwira m'matanki zakwana pa malita 60, musawonjezerepo ina. Zidyetseni pang'ono zomwe zingathe m'mphindi imodzi, ndipo masabata awiri oyambawo muziyeza amoniya tsiku lililonse.