Funsani za mpira: kodi Flames inatengapo chikho?

Funso: Akulu, ine ndi malume anga takhala tikukangana sabata yonse, nkhani yake ya Flames. Iwo akuti kale timuyi inali yoopsa, imabwera ndi zikho kuno kumudzi, ine ndikuti ndi nkhani za akuluakulu chabe zija amakonda kukometsa zakale, chifukwa chibadwire changa sindinaonepo chikho. Kwa ine timu yabwino ndi ija ya Gabadinho inapita ku Cameroon basi. Tiweruzeni. (Wowerenga wa ku Area 25)

Yankho: Achimwene, malume anuwo sakunama ayi, ndipo mukawaona madzulo ano muwagulire ka Fanta. Flames inatenga chikho cha CECAFA, cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, chomwe anthu ankangochitchula kuti East and Central, katatu konse. Koyamba munali mu 1978 mpikisano utachitikira konkuno ku Malawi, tinagonjetsa Zambia 3-2 mu fainolo. Chaka chotsatira, 1979, anyamata anapita kukachiteteza ku Kenya nakakwapula eni bwalo 3-2 pamaso pa anthu awo omwe, kochi nthawi imeneyo anali mzungu uja Ted Powell. Kachitatu ndi 1988, kunonso kwathu, ndipo amene analira ndi a Zambia omwewo. Musaderere mpikisano umenewu poyang'ana mmene ulili lero, nthawi ija Zambia, Uganda, Kenya ndi Tanzania amabweretsa matimu awo enieni osati anyamata oyeserera.

Pakati pa zikho zimenezi pali zinthu ziwiri zomwe malume anu mwina anayiwala kukuuzani. Mu 1984 Malawi inapita koyamba ku AFCON, mpikisano waukulu wa matimu a mayiko a mu Africa, ku Ivory Coast, ndipo nthawi imeneyo matimu opita kumeneko amakhala 8 okha mu Africa yense, ndiye tangoganizani kuvuta kwake kuti dzina lako lipezeke pamenepo. Tinali gulu limodzi ndi Algeria, Nigeria ndi Ghana. Algeria inatimenya 3-0, Ghana 1-0, koma gemu ya Nigeria ndi imene mpaka lero imawawa akuluakulu amene ankamvera pa wailesi, tinatsogola 2-0 ndi zigoli za Harry Waya ndi Clifton Msiya kenako Nigeria inabweza zonse ziwiri hafu yoyamba isanathe n'komwe, gemu kutha 2-2. Nigeria yomweyo inakafika mpaka mu fainolo. Chachiwiri ndi 1987 ku All Africa Games ku Nairobi, komwe tinabwera ndi mendulo ya bronze titagonjetsa Cameroon pa gemu yolimbirana nambala 3.

Tsono inunso muli ndi mfundo yanu, sindikukanirani. Timu ya ku Cameroon ija, mu January 2022, ndi yokhayo m'mbiri yathu yomwe inatuluka m'magulu ku AFCON n'kulowa ndime ya matimu 16. Tinaluza 1-0 kwa Guinea tikusewera bwino, tinagonjetsa Zimbabwe 2-1 zigoli zonse Gabadinho Mhango, kenako 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mane, gemu ija oyimbira anatipatsa penate n'kuyibweza atakaona pa VAR, ndipo Senegal yomweyo ndi imene inatenga chikho. Chigoli chija Gaba anaponya kuchokera kutali kwambiri pa Morocco gemu itangoyamba kumene dziko lonse lapansi linachionera, ngakhale pamapeto En-Nesyri ndi Hakimi anatitulutsa 2-1, goloboyi Charles Thom atagwira ntchito yoti sitidzayiwala. Koma kumbukirani kuti pano ku AFCON kumapita matimu 24, ndipo ife tinadutsa ngati imodzi mwa matimu omwe anathera pa nambala 3 m'gulu.

Ndiye chiweruzo changa ndi ichi: pa nkhani ya timu yamphamvu, malume apambana. Anyamata a 1978 mpaka 1988, a Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Young Chimodzi, Lawrence Waya ndi anzawo, anakhala pamwamba zaka khumi zathunthu, osati mwezi umodzi. Timu ya 2022 inatipatsa masabata awiri okoma kwambiri, koma itabwerako sinapitirize, AFCON yotsatira tinaonera anzathu pa TV. Chimene chimandipweteka ine ndi mipata imeneyi, kuchoka 1984 kudikira zaka 26 kuti tibwerereko, kenako zina 12, pamene osewera aluso akubadwa tsiku ndi tsiku m'mabwalo a fumbi ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Kawale, koma palibe amene akuwatola adakali aang'ono n'kuwalera mwandondomeko. Mbadwo wa malume anu unakulira m'mipikisano ya masukulu yomwe inali yamoyo, aphunzitsi amadziwa mwana amene ali ndi mwendo. Zimenezo tinazitaya tokha.

Funso: Mwana wanga wa Standard 7 wabwera ndi funso loti Kinnah Phiri ndi ndani, ine ndimangomudziwa ngati kochi. Kodi anaseweraponso mpira? (Mayi wa ku Biwi)

Yankho: Mayi, anasewera, ndipo mwanayo mumuuze bwinobwino chifukwa dzina limeneli ndi lalikulu. A Kinnah anali wosewera kutsogolo ku Bullets ndi ku Flames m'zaka za m'ma 1970, ndipo anamwetsa zigoli 71 atavala malaya a dziko lino. Palibe Mmalawi wina amene wayandikirako ngakhale pang'ono, ndipo mu Africa yense ndi ochepa kwambiri amene anagoletsera dziko lawo zigoli zochuluka chonchi. Pa zikho zija za 1978 ndi 1979 iwo analipo. Kenako anapita kukasewera ku Swaziland, komwe pano kumatchedwa Eswatini.

Za ukochi zomwe mukuzidziwazo nazonso si zocheza. Anatenga timu mu 2008, chaka chomwecho pa Kamuzu Stadium tinagonjetsa Egypt 1-0, amene anali akatswiri a Africa, chigoli cha Chiukepo Msowoya gemu ili kumapeto. Mu 2009 tinalepherana 1-1 ndi Ivory Coast ya Didier Drogba. Ndipo ku AFCON ya 2010 ku Angola, gemu yoyamba, tinathidzimula Algeria 3-0, zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda, kaputeni ali Peter Mponda. Algeria imeneyo inali itapeza kale malo ku World Cup ya ku South Africa, ndiye anthu ambiri kunja sanakhulupirire ataona zotsatira. Tinaluza kwa Angola ndi Mali n'kubwerako, koma imeneyo inali gemu yoyamba Malawi kupambana ku AFCON. Mwanayo mumuwonjezerenso dzina la Young Chimodzi, amene anasewera magemu ochuluka kuposa wina aliyense mu Flames.

Funso: Mbiri yonse mukunena ndi ya Blantyre yokhayokha, nanga ife a ku Lilongwe tilibe gawo? (Sapota wa Silver, Area 47)

Yankho: Muli nalo aise, Young Chimodzi amene ndangomutchulayu ndi mwana wa Silver Strikers. Kungoti kwa zaka zambiri kwawo kwa Flames kunali pa Kamuzu Stadium, ngakhale tikiti ya ku Cameroon tinayidulira pomwepo mu March 2021 Richard Mbulu atachinya Uganda. Bingu National Stadium ya ku Area 48 kuno ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2017 basi, mbiri yake ikadali yaifupi. Mu June 2022 tinagonjetserapo Ethiopia 2-1, mu March 2023 Egypt ya Mohamed Salah inatimenyerapo 4-0. Chimene sindifuna chidzachitikenso ndi chija cha 2021 pamene mabwalo athu anakanidwa, gemu yoti ndi yapakhomo tikukasewerera ku Orlando Stadium ku Johannesburg, masapota kuno tikungomvera pa wailesi. Bwalo la ku Area 48 lija likufunika kulisamalira, kapinga, mipando, zimbudzi, magetsi, zonse, ndipo Flames ikamasewera tizidzadza, osati pokhapokha kukabwera timu yokhala ndi wosewera wotchuka wa ku Ulaya.