Plex yayamba kulipiritsa oonera kutali: mulipire kapena musamuke?

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino. Mwati muli ndi kompyuta yakale imene munaisandutsa seva, munaikamo mafilimu ndi nyimbo zanu, ndipo achemwali anu amene amakhala kutali akhala akuonera pa Plex, pulogalamu yotumiza mafilimuwo kuchokera pa seva kupita pa foni kapena TV, kwa zaka ndithu popanda vuto. Tsopano foni yawo ikuwauza kuti alipire kaye, ndiye mukufunsa ngati n'koyenera kulipira kapena mungosamukira ku Jellyfin, pulogalamu yaulere yogwira ntchito yomweyo. Ndiyankha motalikirapo pang'ono, chifukwa mapulogalamu onse awiriwa ndimawagwiritsa ntchito.

Choyamba, palibe chimene chawonongeka pa seva yanu. Kuyambira pa 29 Epulo 2025, Plex inasiya kupereka mwaulere mwayi woonera zinthu za pa seva ya munthu uli kunja kwa netiweki ya pakhomo pake. Mukakhala m'nyumba, pa rauta imodzi ndi seva, muonerabe osalipira kanthu. Koma woonera ali kutali afunika chimodzi mwa ziwiri: Plex Pass, chiphaso chachikulu cholipira cha Plex, kapena chiphaso chatsopano chotchedwa Remote Watch Pass, chimene chinayamba pa mtengo wa madola 1.99 pamwezi kapena 19.99 pachaka. Tsiku lomwelo Plex Pass inakwera kuchoka pa madola 4.99 kufika 6.99 pamwezi, ndipo yolipira kamodzi kokha inachoka pa 119.99 n'kufika pa 249.99. Imeneyo ndi mitengo ya nthawi imeneyo, musanalipire muone kaye ya lero.

Pali mfundo imodzi imene ambiri amaiphonya. Inuyo mwini seva mukakhala ndi Plex Pass, onse amene munawapatsa mwayi woonera salipira chilichonse. Ngati oonera ndi achemwali anu okha, chiphaso chaching'onocho chikwana. Koma ngati ndi anthu anayi kapena asanu, kuli bwino mulipire inu nokha kusiyana n'kuti aliyense azigula chake.

Mkwiyo wa anthu ndimaumvetsa, ndipo nane zimandikhudza. Hard disk ndi yanu, magetsi mumalipira ndinu, intaneti imene filimu imadutsamo ndi yanunso. Nanga ndalamayo ndi ya chiyani? Imene mukulipirira si filimu ayi, koma njira. Plex imasunga maakaunti a anthu onse, imathandiza foni ya achemwali anu kupeza seva yanu kulikonse kumene ili, imateteza kulumikizanako, ndipo khomo la pa rauta likakanika kutseguka imadutsitsa kanemayo pa makompyuta ake, ngakhale pa liwiro lochepa kwambiri. Imakonzanso mapulogalamu a pa TV zamitundumitundu, ndipo anthu ogwira ntchito imeneyo amalandira malipiro. Chimene chimandidetsa nkhawa ine si madola awiriwo, koma kuti kiyi wa pakhomo langa ali m'thumba mwa munthu wina, amene angasinthe malamulo tsiku lililonse.

Jellyfin inabadwa pa nkhani yofanana ndi imeneyi. Mu Disembala 2018, eni ake a Emby, pulogalamu ina yofanana ndi Plex, atasiya kuonetsa poyera mmene pulogalamu yawo inalembedwera, anthu ena ongodzipereka anatenga mtundu womaliza umene unali wotseguka n'kupitiriza okha. Laisensi yake ndi GPL, kutanthauza kuti aliyense atha kuiwerenga, kuisintha ndi kuigawa. Ilibe akaunti ya ku likulu: mayina ndi mapasiwedi a oonera amakhala pa kompyuta yanuyo basi. Intaneti ikathima, m'nyumba mumaonerabe ngati palibe chachitika. Ndipotu nayo Plex inachokera ku pulogalamu yotseguka ya XBMC, imene lero timaitcha Kodi.

Koma ndisakunamizeni kuti ulerewo ulibe thukuta. Njira ija imene Plex imakulambulirani, pa Jellyfin mulambula nokha, ndipo apa ndi pamene ambiri amabwerera m'mbuyo.

Njira yachidule imene ena angakuuzeni ndi yotsegula port 8096, khomo limene Jellyfin imagwiritsa ntchito, pa rauta. Chonde musatero. Kumeneko n'kusiya chitseko chosatseka usiku wonse, pasiwedi n'kumayenda yosabisika pa intaneti. Njira zabwino zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kugula dzina la pa intaneti n'kuika pulogalamu ngati Caddy kutsogolo kwa Jellyfin. Iyo imakatenga yokha satifiketi yaulere yotetezera kulumikizanako ku bungwe la Let's Encrypt. Yachiwiri, imene ine ndinasankha, ndi Tailscale, yomwe imagwira ntchito pogwiritsa ntchito WireGuard, njira yobisika yolumikizira zipangizo pa intaneti. Mumaiika pa seva ndi pa foni ya woonera, zipangizo ziwirizo n'kumaonana ngati zili m'chipinda chimodzi, popanda kutsegula khomo lililonse.

Ine ndinataya Loweruka lathunthu ndikulimbana ndi njira ya Caddy ija, imene nayo imafuna kutsegula khomo pa rauta. Ndinatsegula port, n'kuzimitsa rauta, n'kuyatsanso, kuyesa pa foni, zii. Madzulo ndi pamene ndinaona kuti adiresi imene rauta yanga imaonetsa ikuyamba ndi 100.64, ndipo ikusiyana ndi imene mawebusaiti amaona. Kampani imene imandipatsa intaneti imaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, zimene amazitcha CGNAT. Zikakhala choncho, ngakhale mutsegule bwanji, wakunja sangakupezeni. Onani zimenezi poyamba musanavutike ngati ine. Tailscale imadutsa pa vuto limeneli.

Nayo ili ndi malire ake. Pa foni, pa laputopu, pa Android TV ndi Apple TV imalowa bwino. Pa Roku, kapena pa TV ya LG ndi Samsung, simungaiikemo mwachindunji. N'chifukwa chake funso lenileni si lakuti pulogalamu yabwino ndi iti, koma lakuti woonerayo ndani ndipo amaonera pa chiyani. Bambo anga ndinawalumikiza tikulankhulana pa foni. Iwo magalasi pamphuno, rimoti m'manja, kusaka chilembo chimodzichimodzi cha adiresi ya seva, kadontho kamodzi kakasowa n'kuyambiranso. Chimene chinatipulumutsa pa pasiwedi ndi Quick Connect: TV imaonetsa manambala 6, iwo n'kundiwerengera, ine n'kuvomereza kuno. Kuchokera tsiku limenelo sanavutikenso, koma theka la ola lija linali lalitali.

Chinthu china musaiwale ndi liwiro la upload la pakhomo panu, kutanthauza liwiro lotumizira zinthu kunja. Filimu ya 4K itha kufuna ma Mbps 40 kapena kuposa, ndiye ngati upload yanu ndi 10, seva iyenera kuichepetsa ikamaitumiza. Ntchito imeneyi ndi transcoding, ndipo kompyuta yakale imatentha nayo, fani kulira, chithunzi kumangoima. Ngati purosesa yanu ndi ya Intel yokhala ndi Quick Sync, mbali yopangidwira ntchito ya makanema, ntchitoyi imapepuka kwambiri. Pa Jellyfin mumangoyatsa mwaulere. Pa Plex mpaka mwini seva akhale ndi Plex Pass, kotero chiphaso chimene achemwali anu angagule paokha sichingathandize pamenepa. Emby nayonso imalipiritsa mbali imeneyi.

Ndikanakhala inu, Plex sindikanaichotsa lero. Ikani Jellyfin pa kompyuta yomweyo, muilozere ku mafoda omwewo. Awiriwa sakangana, chifukwa Plex imagwiritsa ntchito port 32400. Ngati mafayilo munawatchula bwino, dzina la filimu ndi chaka chake, zithunzi ndi mafotokozedwe zibwera zokha. Chimene sichisamuka chokha ndi mbiri ya zimene munaonera kale ndi pamene munalekezera. Muyambe mwaigwiritsa ntchito m'nyumba kwa milungu iwiri, kenako muike Tailscale pa foni yanu n'kuyesa muli kunja. Mukakhutira, m'pamene muwaitane achemwali. Pakadali pano mutha kuwalipirira mwezi umodzi kuti asasowe choonera.

Tandiuzeni mtundu wa purosesa ya sevayo, liwiro la upload yanu, komanso ngati achemwaliwo amaonera pa foni pokha kapena pa TV, ndi ya mtundu wanji. Mukandiyankha ndikulemberani ndondomeko yake pansi pomwe pano.