Ndimapemphera koma mtima sukutonthozeka: kodi chikhulupiriro changa chinafa?

Mayi ena amene amawerenga tsamba lino anditumizira imelo, ndipo andilola kuti ndiwayankhe poyera popanda kutchula dzina lawo. Amuna awo anamwalira chaka chatha atadwala nthawi yaitali, ndipo pa nyengo yonse ya matendawo mayiwa ankapemphera ndi kusala kudya, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti odwalawo achira. Tsopano akuti amapempherabe koma mawu amangouma m'kamwa, kutchalitchi amangopita mwa chizolowezi, ndipo mnzawo wina wa mumpingo anawauza kuti kulira kwawo kwapyola muyeso chifukwa Mkhristu salira ngati wopanda chiyembekezo. Akufunsa kuti: popeza sindikumva chitonthozo chilichonse, kodi chikhulupiriro changa chinafa, kapena Mulungu wandifulatira?

Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya amuna anu. Chikhulupiriro chanu sichinafe, ndipo kuuma kwa mtima kumene mukumvako si umboni wakuti Mulungu wakutayani. Chimene chikukusautsani, monga ndikuonera, ndi chiphunzitso chofala chakuti chitonthozo cha Mulungu chimamveka nthawi zonse ngati kupepuka kwa mtima, kotero kuti amene sakupepukidwa ndiye kuti penapake walakwa. Baibulo siliphunzitsa zimenezo.

Mawu amene mnzanuyo anakuuzani akuchokera pa 1 Atesalonika 4:13, koma anawatenga mopotoka. Paulo sanaletse Akhristu kulira. Ananena kuti kulira kwawo kusafanane ndi kwa anthu opanda chiyembekezo, kutanthauza kuti kulirako kulipo ndithu. Paulo yemweyo, polembera Afilipi za mnzake Epafrodito amene anadwala mpaka kutsala pang'ono kufa, anavomereza kuti akanamwalira, iye akanakhala ndi chisoni pamwamba pa chisoni (Afilipi 2:27). Ndipo Stefano ataphedwa ndi miyala, anthu amene anamuika m'manda namulira kwambiri akutchulidwa pa Machitidwe 8:2 kuti anali oopa Mulungu.

Mwa masalimo 150 amene tili nawo, gulu lalikulu kuposa magulu ena onse ndi la madandaulo. Mu Salimo 13, Davide akufunsa Mulungu kanayi m'mavesi awiri oyamba okha kuti mavuto ake adzafika liti kumapeto. Koma ndikufuna muwerenge makamaka Salimo 88, limene kawirikawiri silimveka paguwa. Masalimo ambiri a madandaulo amatembenuka chakumapeto n'kuyamba kutamanda, koma ili silitembenuka. Mlembi wake, Hemani, akunena kuti wakhala akufuula usana ndi usiku, kuti ali ngati munthu woponyedwa pakati pa akufa, kuti Mulungu mwiniwake ndiye wamuchotsera abwenzi ndi okondedwa ake, ndipo pempherolo likuthera mumdima momwemo popanda yankho. Komabe anthu a Mulungu sanalichotse m'buku la nyimbo zawo poopa kuti lifooketsa ena. Analisunga, naliimba, ndipo lafika mpaka kwa inu. Chimene chikulipanga kukhala pemphero la chikhulupiriro n'chakuti kuyambira vesi loyamba mpaka lomaliza Hemani akulankhula kwa Mulungu, ndipo akumutchula kuti Mulungu wa chipulumutso chake. Munthu sapitiriza kugogoda pakhomo pamene watsimikiza kuti m'nyumbamo mulibe aliyense. Inunso mukugogodabe, ngakhale dzanja lafooka.

M'kalata yanu muli chinthu china chimene simunachifunse mwachindunji koma chikumveka m'mizere yonse, ndicho mantha akuti mwina amuna anu akanachira mukanapemphera kwambiri kapena mukanakhulupirira mokwanira. Katundu ameneyu mutule, chifukwa si wanu. Paulo anapempha katatu kuti minga imene inali m'thupi mwake ichotsedwe, koma sinachotsedwe (2 Akorinto 12:8-9). Ambuye Yesu m'munda wa Getsemani anapempha kuti chikho chiwapitirire, koma anachimwabe, ndipo pamtanda anafuula ndi mawu oyamba a Salimo 22, ofunsa chifukwa chimene Mulungu wawasiyira. Palibe angayerekeze kunena kuti mapemphero amenewa analephera chifukwa cha kuchepa kwa chikhulupiriro.

Taonaninso zimene zinachitika ku Betaniya, mu Yohane 11. Lazaro anali atagona m'manda masiku anayi pamene Yesu anafika, ndipo Marita, kenako Mariya, aliyense payekha anawauza mawu ofanana, akuti akanakhalapo mlongo wawo sakanamwalira. Mawu amenewa ndi odandaula, ndipo ena angawaone ngati amwano. Yesu sanawadzudzule. Kwa Marita analankhula za kuuka kwa akufa, koma ataona Mariya akulira, sanamulalikire, anangofunsa kumene anamuika Lazaro, ndipo nawonso analira, ngakhale ankadziwa kuti posachedwa amuukitsa. Ngati kudziwa za kuuka kwa akufa sikunaumitse misozi ya Yesu, sindikuona chifukwa choyembekezera kuti kuumitse yanu.

Za mnzanu uja, ndikukhulupirira kuti cholinga chake chinali chabwino, koma anthu ambiri timalankhula msanga pamaso pa wofedwa chifukwa chisoni chake chikutisowetsa mtendere ifeyo. Anzake atatu a Yobu anachita bwino kwambiri pamene anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osanena kanthu. Atatsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa chake anavutika, anangowonjezera ululu, ndipo pamapeto pake Mulungu anakwiyira iwowo, nanena kuti Yobu, amene anadandaula kwambiri uja, ndiye analankhula zoona za Iye (Yobu 42:7). Simukukakamizidwa kulandira mawu aliwonse ongoti abwera ndi vesi.

Tsono chitonthozocho chimabwera bwanji? Nthawi zambiri chimadzera m'zinthu wamba zimene sitizitenga ngati zauzimu. Eliya, pothawa Yezebeli, anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu napempha kuti afe. Mngelo amene anatumidwa kwa iye anamubweretsera mkate ndi mtsuko wa madzi, namusiya agonenso, kenako anamudzutsa kachiwiri kuti adye. Mulungu anadzalankhula naye pambuyo pa ulendo wa masiku 40 wopita ku Horebu, ndipo zina mwa zimene anamuuza kumeneko n'zakuti sanatsale yekha, popeza mu Israeli munali anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, komanso kuti akadzoze Elisa, amene anadzakhala womutumikira (1 Mafumu 19). Tulo, chakudya ndi munthu woyenda naye zinali mbali ya yankho la Mulungu.

Choncho pa masiku amene mawu akukanika, musadzikakamize kupeka pemphero lalitali. Tsegulani Salimo 13 kapena 88 muwerenge mokweza monga pemphero lanu, ndipo ngati nazonso zikulemera, khalani chete pamaso pa Mulungu, podziwa kuti Aroma 8:26 akunena kuti Mzimu amatipempherera ndi kubuula kosaneneka pamene sitikudziwa chopempha. Kutchalitchi pitirizani kupita ngakhale nyimbo zikukukanikani kuimba, chifukwa pa nyengo ngati imeneyi mpingo umaimba m'malo mwanu. Pezani munthu mmodzi wokhwima maganizo, makamaka amene anafedwapo, mumuuze zonse monga mwandiuzira ine, ndipo mumupemphe kuti adzakhale nanu pa masiku ovuta monga tsiku lokumbukira imfa ya amuna anu. Ngati kwa milungu yambiri simukugona, simukudya, mukulephera ntchito zanu za tsiku ndi tsiku, pitani mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo, ndipo abusa anu adziwenso. Maganizo ofuna kudzipha akakufikirani, musadikire kuti mwina apita okha: uzani munthu amene muli naye pafupi tsiku lomwelo, ndipo akuperekezeni kuchipatala.