Ngalande yanu ikukathira madzi kwa yani?

Mphunzitsi wina wa zauinjiniya muno mu Blantyre watilembera kuti: "Ophunzira anga masamu amakhoza, koma ndikangoyamba za udindo wawo kwa anthu, amayasamula. Nditani?"

Aphunzitsi, nkhaniyi musaipatse ola lakelake la Lachisanu masana. Ilowetseni m'malikisi a pulojekiti. Pa malikisi 100, 25 akhale a mafunso awa: chikawonongeka akonze ndani, sipeya akamugule kuti ndipo pa mtengo wanji, nanga chikamagwira bwino ntchito akuvutika nacho ndani?

Yambani ndi mjigo wa Afridev. Agaweni anayianayi, aumasule okha. Aone kuti ndodo, pulanja (yokweza madzi) ndi futuvavu (yoletsa madzi kubwerera pansi) zimatuluka popanda kuzula mapaipi, ndipo sipanala imodzi ndi kachitsulo kowedzera futuvavu zikwanira. Kalabala ka U-seal ndi mabushi apulasitiki ndizo zimatha msanga, nzotchipa, komiti ya pamjigo imasintha yokha. Anaupanga dala choncho. Kenako auyerekeze ndi PlayPump, pampu ija ankati ana azipopa madzi akusewera pozunguza chigudumu. Ana amatopa, amapita kusukulu, ndiye amayi ndiwo ankatsala akukankha chigudumu cholemera, ikafa sipeya osapezeka pafupi. Papepalatu inkaoneka yanzeru.

Nthawi ya dzinja apiteni nawo ku Ndirande kapena m'munsi mwa phiri la Soche, kufupi ndi Chilobwe komwe matope a namondwe Freddy anakwirira nyumba mu Malichi 2023. Kumeneko ajambule ngalande, awerengere madzi othamanga ndi Q = CIA: kuchuluka kwa madzi (Q) kumapezeka pochulukitsa gawo la mvula lomwe sililowa m'nthaka (C), mphamvu ya mvula (I) ndi kukula kwa malo (A). Ambiri amalakwitsa pa C: amatenga ya malo a udzu pomwe paliponse ndi malata ndi dothi logangatika, kalavati n'kuchepa. Amaiwalanso zinyalala ndi mchenga zomwe zimatseka paipi. Koma cholakwa chachikulu n'chakuti chojambula chimathera pakamwa pa kalavati. Auzeni atsate madziwo wapansi mamita 200, alembe khomo lililonse, chimbudzi ndi chitsime chomwe adutsepo.

Asanagogode pakhomo la munthu, ayambe aonekera kwa amfumu. Gulu lililonse licheze ndi mabanja asanu, makamaka amayi, poti ndiwo amakhala akukapa madzi m'nyumba usiku. Aletseni kulonjeza chilichonse. Anthu akaona chipewa cholimba ndi tepi amayesa chitukuko chafika.

Lipoti akalifotokozenso kwa anthu omwewo m'Chichewa, inu mutakhala kumbuyo ndi pepala la malikisi. Yemwe walephera kuyankha funso la agogo lakuti "madziwa azipita kuti", abwerere akajambulenso.