Kuchoka m'bwalo n'kukagwira choko: kodi ndi kulephera?

Mnyamata wina wanditumizira imelo. Ankasewera mpira ku koleji, matimu akuluakulu sanamutenge, ndiye wapeza ntchito yauphunzitsi pa sekondale ina komwe akufuna kuti akhalenso kochi wa ana. Akufunsa kuti: "Ndikavomera, anzanga sadzati ndalephera?"

Achimwene, ena adzaterodi. Vomerani basi. Koma musanapite, imvani za Bob Ladouceur.

Mkuluyu ankasewera mpira wa ku America, uja wovala zisoti n'kumagundana mapewa, poyamba pa University of Utah kenako pa San Jose State. Ku NFL, ligi yaikulu ya kumeneko, sanapondeko. Mu 1979, akadali wa zaka za m'ma 20, anayamba ntchito pa De La Salle High School ku Concord, California, sukulu ya anyamata okhaokha ya mabulazala a Katolika. M'kalasi ankaphunzitsa zachipembedzo, akaweruka n'kulowa m'bwalo. Timu imene anaipeza inali yozolowera kugonja.

Kuyambira 1992 mpaka 2004, anyamata ake anapambana masewero 151 otsatizana. Mbiri yakale ya masukulu a sekondale m'dzikolo inali 72, ya sukulu ya Hudson ku Michigan. Anadzagonja mu Seputembala 2004 kwa Bellevue ya ku Washington, 39 kwa 20. Pamene ankatula pansi ukochi itatha sizoni ya 2012, anali atapambana masewero 399, kugonja 25, kufanana mphamvu 3. Kunatsala kamodzi kokha kuti afike 400, koma sanadikire. Anasiyira Justin Alumbaugh, yemwe kale anali wosewera wake pabwalo lomwelo, iye n'kukhala wothandizira. Ndi makochi angati amene mumawadziwa angalole kulamulidwa ndi mwana amene anamuphunzitsa okha?

Manambalawa asakutengeni mtima. Chimene ndikufuna muchione ndi kakhadi. Sabata iliyonse, masewero asanafike, osewera ankakumana, aliyense atalemba pakakhadi zimene akulonjeza kuchita pokonzekera ndi pa tsiku la masewero. Ankaimirira, kuwerenga mokweza, n'kupereka khadilo kwa mnzake. Sabata yotsatira mnzakeyo ndiye ankanena pamaso pa onse ngati lonjezo lasungidwa kapena ayi. Tangoganizani mnyamata wa zaka 16 akuuzidwa ndi mnzake wa m'kalasi kuti, "Unati sudzachedwa, koma Lachiwiri unachedwa." Zoterezi zimachokera kwa munthu wozolowera kuchonga makope ndi kudziwa mwana aliyense ndi dzina, osati kwa katswiri wongobwera ndi wezulo masana.

Apa ndiye pali chenjezo langa. Ngati mukupita kusukuluko ngati pongodikirira basi, maso ali kumsewu kuti mwina timu ina ikuitanani, ana adzazindikira teremu isanathe, ndipo nawonso adzakupatsani theka la mtima. Ladouceur anakhala pamalo amodzi zaka zoposa 30. Ena mwa ana ake, monga Amani Toomer ndi Maurice Jones-Drew, anakafika ku NFL komwe iye sanafike, koma ochuluka anangomaliza sukulu n'kukagwira ntchito zina, ndipo amenewo ndiwo anali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku.

Ndisakunamizeni: De La Salle ndi sukulu yolipira, ili ndi zipangizo ndi makolo otha kuthandiza. Inu mwina mukapeza mpira umodzi wosokasoka, bwalo lafumbi, ndi ana othamangira kwawo dzuwa lisanalowe chifukwa ndi kutali. Ukochiwo mwinanso sudzakhala ndi alawansi. Choncho musanasaine, khalani pansi ndi a hedi. Afunseni kuti mudzakhala ndi mapiriyodi angati pa sabata, masiku a masewero ndi ati, ndiponso ndani amalipira thiransipoti timu ikamapita kukasewera kwina. Funso lachitatuli mulimbikire mpaka akuyankheni momveka.